Tsiku Limene Ndinakapepesa kwa Ba Ovasizi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene ndinalemba mayeso a giredi seveni, ndipo mpaka lero ndikachikumbukira mtima umandiwawa ngati zachitika dzulo. Tinkakhala m'komboni ya George, kufupi ndi Lilanda, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene atate anamanga okha. Atate, Ba Tembo, anali kalipentala. Sukulu ndinkaphunzira ku Matero, ulendo wapansi m'mawa uliwonse, fumbi mpaka m'mawondo. Masiku amenewo mayeso a giredi seveni sanali masewera. Ukakhoza bwino unkapeza malo ku fomu wanu, ukalephera sukulu inkathera pomwepo, ubwerere kunyumba uzikaima pa mzere wa ufa ndi mafuta ophikira. Malo anali ochepa, ana tinali mbwee.

Sindinali mbuli, komanso sindinali wa nambala wanu. M'kalasi ndinkakhala cha pa nambala seveni kapena eyiti. Chingerezi ndinkachitha ndithu, koma masamu ankandizunguza mutu, makamaka aja ogawa nambala zazitali. Mphunzitsi wathu, Ba Bwalya, mayi wamfupi wochokera kuchigawo cha Migodi, ankalidziwa vuto langa. Iwo anaphunzira uphunzitsi pa kakoleji kena ka mishoni kamene palibe ankakatchula n'komwe. Masana alionse ankatisonkhanitsa pakhonde la nyumba yawo, aliyense wofuna, n'kutipatsa mapepala a mayeso akale. Buku lililonse ankalichonga ndi bolopeni yofiira, ndipo ukabwereza cholakwa chomwecho ankakukoka khutu.

"Iwe Dailesi, apa wasiya ziro," ankatero. "Sunyamuka pano mpaka uipeze."

Ndinkadandaula, koma masamu aja anali atayamba kulowa pang'onopang'ono.

Ndiye kunabwera Ba Ovasizi. Dzina lawo lenileni anali Ba Sakala, koma Matero yonse inkawatchula choncho chifukwa anaphunzira kutsidya la nyanja, pa yunivesite ina yakalekale imene ngakhale ogulitsa makala ankaidziwa dzina. Atabwerako anapatsidwa ofesi yaikulu m'boma, koma akuti tsiku lina anayankhula zosayenera pa msonkhano wa chipani, ntchito n'kutha. Anabwerera m'nyumba ya kanselo ya amayi awo, ndipo patapita miyezi analengeza kuti aziphunzitsa ana a giredi seveni masana. Sankatenga mwana aliyense ayi. Ankafuna uwaonetse lipoti la kusukulu, ndipo ankalandira okhawo a nambala wanu mpaka firii.

Atate anapita kunyumba kumeneko kukakonza chitseko, ndipo anabwerako atatengeka mtima. Anali ataona satifiketi pakhoma, m'galasi, yolembedwa m'chinenero chimene ngakhale abusa athu sakanachiwerenga, ndi chidindo chofiira chachikulu ngati bisiketi. Pambali pake panali chithunzi cha Ba Ovasizi atavala mkanjo wakuda. Atate anasimba zimenezi kangapo tsiku limenelo, ndipo ulendo uliwonse chidindo chija chinkakulirakulira.

"Bamake Dailesi, uja munthu anaphunzila kwamene baphunzila bana ba mafumu," anatero kwa amayi. "Mwana akankhala chabe pafupi na eve, nzelu zizangena zeka."

"Nanga Ba Bwalya balakwa chani?" anafunsa amayi. "Mwana ayamba kumvela masamu manje."

"Ba Bwalya banaphunzila kuti? Imwe muziba na zina ya koleji yao?"

Amayi sanalidziwe dzinalo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Popeza nambala yanga sinkakwana, atate anachita kundipemphera malo. Ba Ovasizi analibe pokhazika ana, choncho atate anawapangira mabenchi atatu a matabwa a mtengo wa mukwa, opala bwino, opaka vanishi kawiri. Ndikukumbukira fungo la vanishiyo litadzaza pabwalo pathu, ndi atate akuimba nyimbo ya kutchalitchi uku akupala matabwa. Sindinawaonepo okondwa chotero. Mabenchi aja atafika, ine ndinalandiridwa monga mwana wachisanu ndi chiwiri. Maphunziro awo ankachitika nthawi imodzimodzi ndi a Ba Bwalya, ndiye pakhonde paja ndinasiya kupitapo. Kunena zoona, inenso ndinanyada. Ndinkamudutsa mnzanga Mwansa, amene ndinkakhala naye desiki imodzi, mphuno ili m'mwamba.

Ndisawanamizire, Ba Ovasizi ankadziwa zinthu. Ankatha kuyankhula maola awiri osayang'ana m'buku. Anatiuza za holo yodyeramo ya ku yunivesite kwawo, mmene ophunzira ankaimirira akuluakulu akamalowa, za kapinga wobiriwira amene wophunzira wamba sankaloledwa kupondapo, za nduna ndi atsogoleri a maiko amene anagonapo m'zipinda zomwezo. Anatiphunzitsa kugwira foloko ndi mpeni, ife ana odya ndi manja. Anatiloweza pamtima ndakatulo zazitali za Chingerezi, ndipo ukatchula liwu mwa ku George ankatseka maso ngati waponda chala chawo. Tinkamvetsera kukamwa kuli yasa.

Koma miyezi inkapita, ndipo buku langa la masamu linali loyera. Palibe tsiku limene anatenga buku la mwana n'kulichonga. Anzanga asanu ndi mmodzi aja sankadandaula, chifukwa masamu ankawadziwa kale. Ena mwa iwo makolo awo anali makalaliki, m'nyumba muli magetsi ndi mabuku, ndi achimwene awo a kusekondale owathandiza. Ine ndinalibe wondithandiza. M'mawa kusukulu tinali ana osawerengeka m'kalasi imodzi, ndipo Ba Bwalya sakanatha kuima pa desiki yanga yokha. Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinakweza dzanja n'kuwapempha Ba Ovasizi kuti andisonyeze kagawidwe ka nambala zazitali. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Mwana, kwamene ninaphunzila ine sitimafunsa tuvinthu twa so. Ivo ni va ma ticha ba mu komboni. Ine nikupanga maganizo yako."

Anzanga anaseka, ine ndinatsitsa dzanja, ndipo sindinalikwezenso.

Ndinayesa kuwauza atate. Ndinasankha tsiku limene anali atagulitsa kabati, ndikuganiza kuti mtima wawo uli m'malo. Ndinati ndikufuna kubwerera kwa Ba Bwalya, chifukwa kwa Ba Ovasizi sitikuphunzira za mayeso. Anaika pansi sowo n'kundifunsa ngati ine, mwana wa dzulodzuloli, ndingadziwe kaphunzitsidwe kuposa munthu amene azungu enieni anamuvomereza. Anati ulesi ndiwo ukundiyankhulitsa. Ba Bwalya nawonso anandiimitsa tsiku lina potuluka m'kalasi, n'kundiuza kuti ndizibwera ngakhale Loweruka lokha. Ndinapita kawiri mobisa. Ulendo wachitatu mayi wina woyandikana nafe anandiona, nkhani inafika kwa atate, ndipo ndinalawa lamba chifukwa chonyoza munthu wamkulu. Mpaka pano zimandipsetsa mtima kuti ndinamenyedwa chifukwa chofuna kuphunzira masamu.

Mayeso anafika kukutentha, mvula isanagwe. Pepala la Chingerezi ndinalemba ndikumwetulira. Pepala la masamu ndinalitembenuza. Mafunso ambiri ndinkawazindikira nkhope, anali omwe aja a pakhonde la Ba Bwalya, koma njira yake ndinali nditaiwala pakati. Ndinkangodetsa timabokosi ta mayankho ndi pensulo mwachisawawa. M'mutu mwanga munkangozungulira ndakatulo ija ya Chingerezi, imene palibe anandifunsa.

Zotsatira zinatuluka mvula ili pakati. Anazimata pa zenera la ofesi ya ahedi, ndipo tinkakankhana m'matope kuti tione. Ndinawerenga mndandanda wa osankhidwa kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako kuyambira pansi mpaka pamwamba. Anzanga onse asanu ndi mmodzi a kwa Ba Ovasizi analipo. Mwansa, amene chaka chonse ankakhala kumbuyo kwanga pa nambala, analipo, pamodzi ndi ena ambiri a pakhonde paja. Dzina langa panalibe. Ahedi atandiona ndikulira anandiuza kuti ndinatsala pang'ono kwambiri, masamu ndiwo anandigwetsa.

Ndinkayembekeza kuti atate akamva, maso awo atseguka, azindikira kuti tinataya bomwetamweta. Ndinkaganiza kuti apita kukatenga mabenchi awo. Koma iwo anaona zina. Matero yonse inali kuyamika Ba Ovasizi kuti ana awo akhoza onse kupatula mmodzi, ndipo mmodziyo anali mwana wa Ba Tembo. Kwa atate, ine ndinali nditadetsa mbiri ya munthu wamkulu.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, anandiuza kuti ndisavule diresi. Ananyamula kampando katsopano kamene anapanga, ine ndinanyamula nkhuku, ndipo tinayenda ulendo wa ku Matero. Tinawapeza Ba Ovasizi pakhonde akuwerenga nyuzipepala. Atate anavula chipewa, n'kundiuza kuti ndigwade pa simenti yonyowa.

"Ba Sakala, tabwela kupepesa," anatero. "Uyu mwana wamichititsani nsoni. Imwe munachita mbali yanu."

Ba Ovasizi anapinda nyuzipepala n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ni uti uyu? Zina yake nindani paja?"

Miyezi isanu ndi iwiri ndinakhala pa benchi yawo, masana alionse, ndipo sankadziwa dzina langa. Atate anawauza. Iwo anagwedeza mutu mwachifundo, chifundo chija chimene chimapweteka kuposa mbama.

"Musazivute, Ba Tembo. Si bonse bana bali na mutu wa sukulu. Na kwamene ninaphunzila ine sibatenga aliyense. Mufunileni chabe vochita va manja."

Ndinapepesa monga anandiuzira, mawondo akuzizidwa. Nkhuku analandira, kampando analandiranso.

Patapita masiku ochepa Ba Bwalya anabwera kwathu, atakwinya chitenje chifukwa cha matope a ku George. Anali atakamba kale ndi ahedi kuti ndibwereze giredi seveni, chinthu chimene sichinali chapafupi masiku amenewo. Anakhala pa mpando umene amayi anawapatsa, ine ndili pakhomo ndikumva zonse.

"Ba Tembo, uyu mwana nimuziba ine. Nipaseni chabe chaka imozi, azapasa."

"Zikomo ba ticha," anayankha atate mwaulemu, "koma munthu wa ku yunivesite ikulu anakamba kale. Mutu alibe. Tizatayila chani nthawi?"

"Uja munthu anaonapo buku yake olo kamozi?"

Atate anangoimirira n'kuwathokoza chifukwa chobwera. Amayi analira, koma mawu a mwini nyumba anali atatuluka. Mwezi wotsatira ndinayamba kukhala ndi amayi pamsika wa ku Matero, kugulitsa tomato ndi tinsomba ta kapenta, ndikuona Mwansa akudutsa ndi yunifomu ya kusekondale.

Sukulu ndinadzabwererako ndili mayi wa ana atatu, m'makalasi a akuluakulu. Masamu ogawa nambala zazitali ndinawamvetsa m'masabata awiri, ndipo tsiku limenelo m'malo mokondwa ndinapsa mtima. Masabata awiri okha! Pambuyo pake ndinachita maphunziro a uphunzitsi, nanenso pa kakoleji kopanda mbiri, ndipo ndinagwira choko mpaka kupuma ntchito.

Masiku ano adzukulu anga amandionetsa pa foni maina a mayunivesite otchuka a pa dziko lapansi, iyi akuti ndi yoyamba, iyi yachiwiri, maso awo akuwala monga ankawalira a atate. Sindiwaletsa kulota. Sindinena kuti kumalo amenewo kulibe nzeru, chifukwa zilikodi, ndipo ena obwerako kumeneko ndi anthu ogwira ntchito yooneka. Chimene ndimakana n'kugwadira dzina. Sukulu imene imasankha ana okhoza kale, a m'nyumba za mabuku, kenako n'kudziguguda pachifuwa kuti ana ake amakhoza, yandionetsa luso losankha, osati luso lophunzitsa. Ngakhale ine mutandipatsa mbuzi zonenepa zokhazokha, anthu adzati ndimadziwa kuweta. Chondiwawa koposa n'chakuti dzina likakula chotero sililakwanso. Mwana akakhoza, ulemu umapita ku dzina. Akalephera, mlandu umagwera mwana, ndipo makolo ake omwe ndiwo amayamba kumuweruza.

Atate anakalamba ali m'manja mwanga. Chaka chimene ndinalandira satifiketi yanga ya uphunzitsi anali atayamba kudwala, ndipo ndinapita nayo pa bedi lawo kuti aione. Anaigwira ndi manja awiri, anaiyang'ana nthawi yaitali, misozi ili m'maso. Ndinadikira mawu amene ndinawadikira zaka zonsezo.

"Wachita bwino mwana wanga," anatero. "Ukanankhala na mutu pa nthawi ija, sembe na iwe unayenda ovasizi."

Sindinawatsutse, anali odwala. Ndinawakonzera pilo n'kutuluka panja. Atate ankandikonda, ndipo chimene anachita anachichita pofuna kundipatsa zabwino koposa zimene ankazidziwa. Iwo ndinawakhululukira kalekale. Koma anapita kumanda akukhulupirirabe kuti wolakwa ndinali ine, ndipo chimenecho sindidzatha kuchikonza.