Mitengo ya Mkamwini

Kwathu, m'munsi mwa phiri la Mulanje mbali ya Phalombe, mwamuna akakwatira amasamukira kwa mkazi. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi, iye amangokhala mkamwini. Bambo anga anachoka ku Nkhulambe ndi khasu ndi njinga kudzakhala pamalo a amayi. Anali munthu wa phee. Kamwa langali ndinatengera kwa amayi.

Kumtunda kwa munda wathu kunali kasupe amene mudzi wonse unkatungapo. Chaka chimene Napolo anatsika m'phiri ndi miyala ndi matope, mitengo yambiri ya pakasupepo inakokoloka. Yotsalayo anthu anaimaliza matipate atabwera. Ukamufunsa munthu kuti akudulanji mtengo wa m'khwawa, ankangoti, "Ino ndi demokalase." Pamene ndinkayamba sekondale, kasupe uja anali atasanduka chithaphwi chonunkha, ndipo atsikanafe tinkakhala pamzere ku mjigo wa kusukulu, wa madzi amchere osachita thovu ngakhale uthere sopo yense.

Bambo anayamba kukwera phiri Loweruka lililonse. Anzawo ankatsika ndi nkhuni kapena matabwa, iwo ankatsika ndi timitengo tomera tokha m'makwawa: mbawa, katope, mwimbi, mikuyu. Ankatiika m'mapepala a shuga odzaza dothi lakuda n'kutindandalika kuseri kwa bafa, pamene madzi osamba ankathera. Bulugamu sankamufuna. Ankati ndi chidakwa, amamwa osasiyirako mnzake. Mvula ikagwa ankatenga mbande zija kukawokera kuzungulira kasupe.

Anthu ankaseka, koma amalume sanaseke. Amalumewa anali achimwene awo a amayi, eni mbumba, ndipo mawu awo ndi amene ankamveka pa nkhani za malo. Iwonso anali mkamwini kumudzi wa kutsidya, kumene sanadzalepo ngakhale papaya. Tsiku lina anawapeza bambo akukumba mayenje.

"Alamu," anatero amalume, "mkamwini amadzala chimanga ndi nandolo, zokolola chaka chomwecho. Mtengo amadzala ndi mwini malo. Mukufuna mawa abale anu adzatilozere mbawa n'kumati pano ndi pawo?"

"Ine ndikudzalira madzi, alamu," anayankha bambo. "Adzamwa ndi mbumba yanu yomwe."

Amayi anatulukira m'nandolo khasu lili paphewa. "Achimwene, munda uno ndimalima ndine. Akafuna kudzalamo miyala adzala." Amalume anakwera njinga yawo osatsanzika, ndipo ine ndinaganiza kuti nkhaniyo yathera pomwepo.

Mitengo ija inatizunza. Mwezi wa Okutobala tinkakankha njinga yomangirira zigubu kuchokera ku mjigo kukathirira, dzuwa likuswa mtengo. Mbuzi zinadya mbande. Chaka china osaka mbewa anayatsa moto umene unanyambita mbali yonse ya kum'mawa. Ine ndinatukwana mpaka mawu kusasa, koma bambo anangokweranso phiri Loweruka lotsatira. Ankakonda kunena kuti madzi saiwala khwawa.

Ndipo madziwo anabweradi. Poyamba dothi linangoda ndi chinyezi pansi pa mikuyu. Kenako achule anayamba kusokosa, atombolombo anabwera, mileme inkadzadya nkhuyu n'kugwetsa nthanga za mitengo ina imene sitinadzale. Tsiku lina ndikutunga, nkhanu inandipana chala. Ndinathamanga nayo ikulendewera kukawaonetsa bambo. Anaiyang'ana kanthawi, n'kuitenga mosamala kukaibwezera pansi pa mwala. Madziwo anali ozizira, okoma, onunkhira masamba. Azimayi omwe aja ankaseka anayamba kubwera ndi ndowa zawo popanda manyazi.

Amayi anga anamwalira chitangotha chaka cha njala yaikulu. Titameta, abale anakhala pansi n'kuwasudzula bambo monga mwa mwambo: ukwati watha, abwerere kwawo. Palibe amene anawachitira mwano. Anawathokoza ndithu, wina n'kunena kuti mlendo ndi mame. Munthu amene anakhala nafe mpaka imvi! Anamangirira khasu lawo panjinga. Pondisiya pamsewu anangoti, "Mwanawe, uzipalira kuzungulira mitengo moto usanayambe."

Ndinapalira. Koma chilimwe chotsatira amalume anaitanitsa mbumba yonse n'kunena kuti nthawi yakwana yomanga chiliza pamanda a amayi. Pafunika njerwa zootcha, ndipo uvuni umafuna nkhuni zazikulu. Nkhunizo zinali pakasupe.

Ndinaimirira, chinthu chimene mtsikana wosakwatiwa sachita pamaso pa akuluakulu. Ndinati mukadula mitengo imeneyo tibwerera ku mjigo. Ndinati tikagule nkhuni kwina, kapena timange ndi miyala, poti Napolo anatisiyira yambirimbiri.

"Iwe," anatero amalume mofatsa, "mitengo ya mlendo yaposa manda a amayi ako? Ukufuna mlongo wanga agone ngati wopanda abale?"

Azimayi onse anawerama, omwe aja ankamwa madziwo m'mawa uliwonse. Ndinalankhulabe, ndinalira, ndinatchedwa mwana wamwano wotengera kuchimuna. Ndinkadziwa kuti nkhani si chiliza. Mbawa zija zikanakhalapo, aliyense wodutsa akanamati, "Mitengo ya mkamwini uja," ndipo amalume zimenezo sakanazipirira.

Nkhwangwa zinalira sabata yosatha. Zimene bambo analera zaka zonsezo zinalowa mu uvuni waukulu ngati tchalitchi. Chiliza chinadya njerwa zochepa chabe. Zotsalazo zinamanga okala ya amalume kumsewu. Mvula itabwera inakokolola dothi lonse kulitsitsira m'munda mwathu, ndipo pofika chilimwe pakasupe panali ming'alu ndi zitsa. Zitsa zina zinaphukira, mbuzi zinamaliza. Ndinayesa kukwera phiri kukafuna mbande, koma m'makwawa mmene bambo ankazula munali mayenje a makala okhaokha. Ndinatsika chimanjamanja, ndipo mtima wanga unafera pomwepo.

Bambo anaitanidwa pa tsiku loonetsa chiliza. Anabwera atakwezedwa panjinga ndi m'bale wawo, chifukwa ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri. Palibe amene anawauza za mitengo, ngakhale ine ndemwe. Anapapasa chiliza chija ndi manja n'kunena kuti njerwa zake zapsa bwino. Amalume anavomera kuti zapsadi bwino.

Titabwerera kunyumba anakhala pakhonde pamene ankakonda kukhala. "Mwanawe," anatero, "patse madzi a kumtunda aja. Kwathu kulibe otero."

Ndinalowa m'nyumba n'kuima pafupi ndi mtsuko wa madzi a ku mjigo. Kenako ndinatunga, ndinagwada, ndinawapatsa chikho m'manja. Anamwa kamodzi kokha. Ndinaona akusunga madziwo m'kamwa, mcherewo ukuwafika pa lilime, kenako anameza movutikira. Anatembenuzira nkhope kumtunda kumene sakanaona kanthu.

"Ndi mikuyu yomwe?" anafunsa.

"Yonse, ababa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kundibwezera chikho chili chodzaza. Madzulo asanafike anapempha m'bale wawo uja kuti awakweze panjinga, ndipo sanapondenso pamudzi pathu.