Mthiko wa helva udzafika kwa ine

Mayi Emine, mwana wanu wandiuza lero m'chikepe cha nyumba yathu yosanjayi kuti Loweruka lino akwana masiku makumi anayi chimwalirireni inu, ndipo aphika helva.

Chakudyachi ndinachidziwira kwa inu, amuna anu atamwalira, ine nditangofika kumene ku Scarborough. Ndinabwera kudzapepesa, n'kukhala phee pakona monga timachitira kwathu. Inu munandikokera kukhitchini. Pamoto panali ufa wa tirigu ukukazingidwa mu batala, ndipo azimayi ankalandizana mthiko, aliyense akutchula chabwino chimodzi cha malemu. Ndinakana: "Mayi, ine ndine Mkhristu, komanso bambowa sindinkawadziwa." Munati, "Nanga anakunyamulira sutikesi mpaka pamwamba, tsiku lija chikepe chitafa, anali ndani? Takasa, mwanawe, ufa ukupserera!" Ndinatakasa. Ndawerenga zambiri za miyambo ya maliro, koma mpaka lero ndimazizwa kuti anthu a ku Turkey anapeza njira yoti ngakhale mlendo wa milungu iwiri akhale ndi gawo lake pa chisoni cha banja.

Loweruka mthiko udzafika kwa ine. Ndidzanena za tsiku lija munandikokera kukhitchini, Mayi, ndipo ufa sudzapserera.