Madzi a Pakhomo pa a Gaspar

Mai Balbina ndi munthu woti mukakumana nawo mumsewu wa ku Matundo simungawacheukire. Ndi afupi, amagulitsa masau ndi malambe pokwerera chapa, minibasi zathu zija, ndipo aliyense woima pamenepo amamva za bondo lawo, afune asafune. Koma ndi iwowo amene agwira mphakati wathu, kagulu kathu ka mapemphero, kuyambira tili othawa nkhondo ku Malawi. Malemu amuna awo anasema mtanda wa mlombwa kumsasa komweko, ndipo nkhondo itatha tinabwera nawo ku Tete pa lole, utakulungidwa m'chitenje.

Mwambo wathu ndi uwu. Lachinayi lililonse timapemphera pakhomo pa mmodzi wa ife, ndipo mtanda umagona pomwepo. Sabata yotsatira mwini khomolo amaunyamula yekha kupita nawo kukhomo lotsatira. Wolandirayo amaulandira ndi manja awiri, n'kumupatsa mnzakeyo chikho cha madzi, iye n'kumwa tonse tikuona. Anayambitsa zimenezi ndi mai Balbina kumsasa kuja, nthawi imene tinkaopana tokhatokha, wina osadziwa kuti mnzake anali mbali iti ya nkhondo. Ankati n'kovuta kumuchitira chiwembu munthu amene wakumwetsa madzi.

Malasha a ku Moatize atayamba kukumbidwa, Tete anadzaza. Anthu anabwera kuchokera ku Nampula, ku Beira, ku Maputo, onse akufuna pogona. Eni nyumba anayamba kuwaona anthu awo akale a renda, aja olipira nyumba pamwezi, ngati mbuzi zolowa m'munda. Nawonso a Gaspar, amene amatiyambitsira nyimbo ndi mawu okoma ngati sanachimwepo, anachotsa a Cândido m'nyumba yawo yakutsogolo kuti alowetsemo munthu wa kumgodi. A Cândido ndi osoka zovala, ndipo ana awo onse anabadwira m'nyumba imeneyo. Anakapeza kachisakasa ka malata kumapeto kwa Chingodzi. Tsiku losamuka analumbira anthu akumva kuti madzi a pakhomo pa a Gaspar sadzamwanso, ngakhale atakomoka ndi ludzu. Ine ndinali kumbali yawo, ndipo sindibisa.

Mtanda unayenda khomo ndi khomo mpaka unafika kwa a Cândido. Apo m'pamene tinazindikira kuti khomo lotsatira ndi la a Gaspar, chifukwa dongosololi linakonzedwa awiriwa akadali pabwalo limodzi.

Tinawapempha mai Balbina kuti alumphe khomo limodzi, sabata imodzi yokha. Anakana. Anati tikalumpha kamodzi ndiye kuti tavomereza kuti pali makomo awiri osayenderana, ndipo mawa adzakhala anayi. Zoona zinali zoona, koma ngozi inalinso poyera. Mabanja onse a renda anali atagwirizana kuti a Cândido akakana madziwo, iwo atuluka nawo limodzi, ndipo mtanda sudzabwereranso ku Matundo. Eni nyumba nawo ankati apite, ife sitinaitane malasha. Mphakati umene unapirira msasa unali pafupi kutha chifukwa cha chikho chimodzi.

Sabata imeneyo mai Balbina sanali munthu. Ankaiwala masau padzuwa, nkhani ya bondo n'kuisiyiratu. Anapita kwa a Cândido, koma iwo anangopitiriza kupalasa makina osadzutsa mutu. Anapita kwa a Gaspar, iwo n'kupeza chozembera: m'nyumbamo muli Asilamu tsopano, pabwalo lawo sitingaimbepo nyimbo zathu. Mai Balbina anangodutsa n'kukagogoda pachitseko. Anatsegula mai Aissa, akazi a dalaivala wa kumgodi uja, ndipo atamva nkhaniyo anati bwalo ndi lalikulu, mphasa abwereketsa ndi iwo. Pobwerera mai Balbina anandiuza kuti akuopa. Anati mwina mwambo umene anayambitsa okha ndi umene utiphere mphakati, ndipo sakudziwa kuti akawauza chiyani amuna awo kumwambako.

Lachinayi kunatentha monga kumatenthera kuno mvula isanagwe, mpaka mphasa zinkaotcha. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, a renda mbali yawo, eni nyumba mbali yawo, popanda amene anakonza zimenezo. A Cândido kunalibe. Chapa iliyonse ikaima kumsewu, mai Balbina ankasuzumira, kenako n'kuyang'ana pansi. Ndinawanong'oneza kuti tiyambe opanda mtanda. Anandiyang'ana ndi diso londiletsa.

A Cândido anatulukira akuyenda pansi, osati pa chapa, mtanda uli paphewa, malaya ali nyowe ndi thukuta, milomo itauma gwa. Anaima pakati pa bwalo. A Gaspar anadzuka ndi chikho cha madzi m'manja mwawo. A Cândido sanatambasule dzanja. Ankangoyang'ana chitseko chimene anapenta okha, ndi papaya amene akazi awo anadzala pakona pa nyumba, masamba ake atafota. Kumbuyo kwanga ndinamva azimayi a renda akumanga zitenje kukonzeka kunyamuka.

Mai Balbina anadzuka movutikira, atagwira bondo.

"Bambo Cândido, kumwa sindikukakamizani," anatero. "Koma mtandawo ine sindilandira, mwini khomo alipo. Ndipo inu a Gaspar, mtanda salandira ndi dzanja limodzi."

A Gaspar anayang'ana chikho, n'kuyang'ana uku ndi uku pofuna wowagwirira. Palibe anasuntha. Kuika pansi sakanatha, chifukwa madzi a mlendo sakhala padothi. Anaima chomwecho awiriwo, wina ndi mtanda, wina ndi madzi, dzuwa likuwawamba onse. Kenako a Cândido anatsitsa mtanda paphewa, n'kutenga chikho kuti mnzawoyo apeze manja.

A Gaspar ataukumbatira mtanda analankhula motsitsa mawu, koma tonse tinamva.

"Ndinakulakwirani, achimwene. Ndipo nyumbayi sindingathe kukubwezerani."

"Ndikudziwa," anayankha a Cândido.

Anayang'ana m'chikhomo nthawi yaitali. Mai Balbina anali atatseka maso, milomo ikuyenda. A Cândido anamwa, pang'onopang'ono, mpaka pakati. Otsalawo anayenda nawo mpaka pakona pa nyumba n'kuwathira patsinde pa papaya uja.

"Mtengowu ukuuma, a Gaspar," anatero akubweza chikho. "Muziuthirira. Anadzala ndi mai a kunyumba."