Mafilimu Amene Ndinkakonzera Akulu Anga

Mafilimu a masiku ano ndimadana nawo, ndipo sindibisa. Anyamata a pamsika amati ndakalamba, ati maso anga sangathenso kuthamanga ndi zithunzi. Maso omwewa amalowetsa ulusi pa singano ya makina tsiku ndi tsiku pakhonde la sitolo pano pa boma la Chadiza, popanda magalasi. Vuto si maso anga. Vuto ndi anthu opanga mafilimuwo, amene sadziwa poyambira nkhani, sadziwa pothera, koma phokoso lokha ndiye amalitha. Ndipo ine ndili ndi mlandu nawo woposa wa munthu wongoonera.

Akulu anga anasiya kuona zaka zingapo zapitazo chifukwa cha matenda a shuga. Alamu anga atamwalira ndinapita kumudzi ku Mlolo kukawatenga, ndipo kuyambira pamenepo amakhala kunyumba kwanga. Maso awo ndinasanduka ine. Munthu amene paubwana wathu ankandikalipira ndikangotsegula pakamwa, tsopano ankakhulupirira chilichonse chotuluka pakamwa pomwepo. Ankaika dzanja paphewa langa n'kumanditsatira osafunsa.

Munda anausiya, njinga anaisiya, koma filimu anakana kuisiya. Loweruka lililonse masana ndinkaphimba makina ndi chitenje, n'kupita nawo ku vidiyo ya kuseri kwa msika. Ndi chipinda cha malata chotentha ngati uvuni, mabenchi a matabwa osapala, tivi yokhomera pakhoma ndi batire la sola pansi pake. Tinkakhala benchi ya kumbuyo, ine kumanzere kwawo chifukwa khutu la kumanzere ndilo limamva bwino. Iwo ankamvera phokoso, ine ndinkawanong'oneza zimene zikuchitika.

Mafilimu akale a karate ankafotokozeka bwinobwino. Munthu amuphera mbale wake, iye apita kuphiri, amenya mtengo mpaka manja atupe, abwerera, abwezera. Woipa unkamudziwa akangolowa pakhomo. Ndikati, "Achimwene, wa ndevu uja wafika," iwo ankadziwa kale kuti mipando ithyoka. Nkhonya iliyonse inkaoneka pamene yachokera ndi pamene yagwera, ndipo ndinkatha kuwawerengera imodziimodzi.

Ndiye mwini vidiyo uja anatopa ndi mafilimu akale, nayamba kubweretsa atsopano pa fulashi. Ha! Choyamba ndi mdima. Filimu yonse anthu akuyenda mumdima, moti pa tivi umangoona nkhope yako ndi ya mnzako wa benchi ya kutsogolo akutokosa m'mano. Kaya kwawoko dzuwa linaleka kutuluka. Akayamba ndewu, chithunzi chimadumpha: pano chigongono, pano denga, pano nsapato, kenaka munthu ali pansi, ndipo sudziwa wamugwetsa ndani. Akulu anga ankandigwedeza bondo, "Iwe, chachitika n'chiyani?" Ine n'kumati, "Dikirani, inenso ndikufufuza." Munthu wamaso awiri athunthu kumafufuza filimu ngati wataya singano mumchenga.

Ena ndi aja a anthu ovala zothina zonyezimira, owuluka m'mwamba. Amagwetsa tauni yonse, nyumba zosanja zikugumuka, koma simudzaonapo maliro ngakhale amodzi. Amene wafa lero, mwezi wamawa wadzuka m'filimu ina, wanenepa. Msilikali wamphamvu amalankhula monong'ona ngati ali ndi chimfine, kenaka mwadzidzidzi bomba liphulika, sipika ya vidiyo n'kutsala pang'ono kung'ambika. A ku Nijeriya nawo, mayi mmodzi amalira pa sofa magawo anayi, ndipo chimene akulirira chikanatha ndi kukambirana kumodzi kwa ankhoswe. Koma choipitsitsa ndi mathero. Ine ndine telala. Ndikasoka malaya n'kusiya mkono umodzi osalumikiza, n'kumuuza mwini wake kuti mkono winawo ubwera chaka chamawa, anganditaye ndi makina omwe mumsewu. Awa amachita zomwezo, ndipo anthu amawatamanda.

Filimu imene inandichimwitsa inali ya mkulu wina amene anamuwotchera nyumba. Maola awiri athunthu akuyenda kufunafuna wowotchayo, kudutsa m'mapiri, kugona ndi njala, galu wake kufera panjira. Akulu anga anali atakhalira m'mphepete mwa benchi, akupuma mothamanga. Potsiriza mkulu uja anamupeza munthu wake ali pachitsime. Anamuyang'ana. Anayang'ananso. Kenaka anakhala pansi, mvula inayamba, maina oyera anayamba kukwera pa tivi. Basi, yatha.

Magazi anandiwira. Akulu anga anandigwira mkono. "Nanga nyimboyi? Wamutani?"

Sindinaganize n'komwe. Ndinati, "Wamutchaya ya pachibwano, achimwene. Wagwera m'chitsime, miyendo m'mwamba."

Akulu anga anaombera m'manja okhaokha m'chipinda chonsecho, n'kufuula kuti, "Eya! Aphunzire!" Anyamata a mabenchi a kutsogolo anatembenuka, anayang'ana iwo, anayang'ana ine, n'kuyamba kuseka. Ine ndinawatuzulira maso ndipo anatembenukanso. Pobwerera kunyumba akulu anga anayenda mopepuka, ndipo madzulo ake anadya bwino kuposa masiku onse a mwezi umenewo.

Ndinadziuza kuti sindinaname, ndangomaliza ntchito imene waulesi wina anaisiya panjira. Loweruka lotsatira ndinakonzanso pang'ono. Linzake ndinakonza kwambiri. Mvula isanathe chaka chimenecho ndinali nditasiya kudikira mathero, ndinkayamba kudula ndi kusoka filimu ili pakati. Mkazi wothawa mwamuna popanda chifukwa ndinkamupatsa chifukwa. Woipa wopulumuka ndinkamuponya m'manja mwa apolisi. Wakufa ndinkamusiya wakufa, ngakhale pa tivi akuyenda. Ndivomere, zinkandikoma. Ndinkaona kuti mafilimu anga ndi abwino kuposa awo, ndipo mpaka lero ndimaona choncho.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti akulu anga sasunga nkhani m'mimba. Lamulungu Misa ikatha, anthu akucheza panja pa tchalitchi, iwo ankakhala pa njerwa n'kumafotokozera anzawo filimu ya dzulo lake, ndi manja omwe. Anyamata amene anaonera filimu yomweyo ankabwera kudzaima mozungulira. "Agogo, dzulo anamupha bwanji?" Iwo n'kumafotokoza mwachidwi, anyamata n'kumagwirana mapewa ndi phwete. Akulu anga ankayesa kuti akuseka kukoma kwa nkhani. Ine ndinkadziwa chimene akuseka, koma ndinkangoyang'ana kumbali.

Kenaka kunabwera mliri wina, mafilimu omasulira m'Chichewa ochokera kutsidya kwa malire. Mumakhala munthu wina amene amalankhula pamwamba pa filimu yonse, mawu a amuna ndi a akazi omwe iye yekha. Sindinamuonepo, koma ndimamuda ngati anandibera nkhuku. Anthu ali pa maliro m'filimu, iye akupereka moni kwa anzake ometa tsitsi. Mzungu akudya m'hotela, iye ati akudya mbewa. Chipinda chonse chimagwa ndi kuseka, ine ndimangomva mutu kuwawa. Koma chimodzi ndimupatsa: chimene chachitika pa tivi amachinena momwe chachitikira.

Loweruka lina mwini vidiyo analengeza kuti wapeza filimu ija ya mkulu wowotcheredwa nyumba, koma yomasulira. Akulu anga atamva anasangalala ngati mwana. "Ija ya pachitsime! Tiyeni, ndikaimvenso ndekha." Ndinayesa kuzemba. Ndinati ndili ndi mayunifolomu a sukulu ofunika Lolemba. Anati mayunifolomu sathawa. Ndinati kukutentha. Anati kunkatenthanso masabata onsewa. Tinapita.

Maola awiri amenewo ndinatuluka thukuta lomwe sindinatulukepo. Womasulira uja ankabwebweta zake, akulu anga akuseka, osandigwedeza bondo ngakhale kamodzi. Mkulu wa m'filimu anafika pachitsime. Akulu anga anakonzeka, manja ali m'mwamba kudikira kuomba. Ndiye mawu aja anatuluka mu sipika, omveka mpaka panja: "Wamuyang'ana. Wamuyang'ananso. Aaa, wakhala pansi, abale! Wamusiya! Mtima wachifundo, filimu yathera pompa!"

Manja aja anatsika pang'onopang'ono.

"Iyi ndi ina," anatero.

Mnyamata wina kutsogolo analephera kudzigwira. "Ndi yomweyo, agogo. Sanagwerepo m'chitsime. Amakunamizani awa."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinangokhala, kuyang'ana maina oyera aja akukwera.

Pobwerera kunyumba tinayenda mpaka tinadutsa chigayo. Dzanja lawo linali paphewa langa, koma lopepuka, ngati akugwira chinthu chotentha.

"Ndi kangati?" anafunsa akulu anga.

"Achimwene, mafilimu akewo ndi opusa. Mukanaona nokha mukana..."

"Sindinafunse za mafilimu. Ndafunsa kuti unandinamiza kangati."

Ndinati sindinawerenge.

"Ndiye kutchalitchi kuja, ana aja ankaseka ine."

"Ndinkafuna musangalale."

"Unkafuna usangalale ndiwe. Filimu ikakunyansa, unali ndi pakamwa ponena kuti achimwene, yathera zopusa. Tikanatukwana limodzi. Kodi ukuyesa ine sindidziwa kunyansidwa? Maso ndiwo anafa, mutu ulipo." Anayenda pang'ono, kenaka anawonjezera motsitsa mawu, "Akuluakulu ananena, kandimverere anakanena za m'maluwa."

Ndinakwiya, ndipo mkwiyo wanga ndinaupereka kwa aliyense kupatula ine mwini. Ndinatukwana wopanga filimu amene analephera kugwetsa munthu mmodzi m'chitsime. Ndinatukwana womasulira, ndinatukwana mnyamata wa pakamwa uja ndi mwini vidiyo yemwe. Akulu anga anandisiya ndilankhule mpaka tinafika pakhomo, osandithandiza ndi liwu limodzi.

Masiku omwewo iwo anali ndi chilonda pa chala chachikulu cha phazi. Odwala shuga amadziwa kuopsa kwake: phazi lawo silimva ululu, ndipo chilonda chikanyalanyazidwa anthu amadulidwa mwendo. Mnzawo wina wa ku Zingalume zinamuchitikira, ndipo akulu anga ankaziopa kuposa imfa. M'mawa uliwonse ndinkachitsuka ndi madzi a mchere monga anatiuzira ku kiliniki, n'kuwauza momwe chikuonekera. Chinali chikupola, ndipo apa ndikunena zoona zokhazokha.

Lamulungu m'mawa nditatsuka ndinati, "Chikuuma bwino, chatsala pang'ono." Anangoti, "Hmm." Lolemba ndinanenanso zomwezo. Anawerama, kuyesa kuchipapasa ndi zala, kenaka ananunkhiza zalazo. Tsiku limenelo chakudya anangochitola pang'ono, ndipo mkazi wanga anandiuza kuti masana onse akulu angawo anakhala pakhonde atagwira mwendo uja ndi manja awiri. Lachiwiri kusanatenthe anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kunena kuti ndiwaperekeze ku kiliniki, ngakhale tsiku lathu linali lisanakwane.

Tinadikira pa benchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Titalowa, anesi anamasula bandeji, n'kutembenukira kwa ine monga ankachitira nthawi zonse, chifukwa ine ndi amene ndinkamva malangizo. Asanayambe, akulu anga anakweza dzanja.

"Amayi, muuze ine. Phazi ndi langa. Mundiuze momwe chilili, musachotsepo kanthu, musawonjezerepo kanthu."

Anesi anandiyang'ana modabwa, kenaka anawayankha. Anati chilonda chili bwino, chauma m'mbali, mafinya palibe, chatsala pang'ono kutsekeka, ndipo amene akuchitsuka akugwira ntchito yabwino. Anali mawu anga omwe a Lamulungu ndi Lolemba, osasiyana ngakhale pang'ono.

Akulu anga anatulutsa mpweya wautali, mapewa n'kutsika. "Zikomo, amayi. Masiku atatu awa ndimayesa mwendo wapita." Anawathokoza kawiri, ndi manja awiri. Ine ndinaima pambali ndi nsapato yawo m'manja, ndipo manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Masiku atatu munthu anakhala ndi mantha a kudulidwa mwendo m'nyumba mwanga, ine ndikumuuza zoona m'mawa uliwonse, ndipo zoona zangazo zinalibenso ntchito.

Ku vidiyo timapitabe. Akulu anga amasankha mafilimu omasulira okhaokha, ndipo anandiuza kuti ndizikhala chete. Ndimakhala chete, kuonera anthu owuluka akugwetsa matauni mumdima, wobwebweta uja akupereka moni kwa ometa tsitsi, akulu anga akuseka nthabwala zake. Akatuluka amatukwana mathero iwo eni, ndipo amatukwana bwino kuposa ine.

Sabata yomweyo ya ku kiliniki anapempha mkazi wanga kuti awapezere ndodo ya nsungwi. Dzanja lamanzere amaliikabe paphewa langa, koma lamanja limagwira ndodo. Pa ngalande ya pafupi ndi msika ndimaima n'kunena kuti, "Achimwene, ngalande, dumphani." Iwo amaima, natambasula ndodo, nagogoda tsidya lino, nagogoda tsidya linalo. Akatsimikiza okha, ndi pamene amadumpha.