Duwa la Chizimalupsa

A Vinsenti Alufeo anabwera kwathu kuno ku Chongoni ngati mkamwini, kuchokera ku Linthipe, atakwatira a Flossie a pakhomo loyandikana ndi lathu. Masiku amenewo anali wocheka matabwa m'Phiri la Dedza, munthu wa mapewa otambalala, wosalankhulalankhula. Chipika cha paini chitawaphwanya mwendo, ntchito ya macheka inathera pomwepo.

Ali chigonere m'chipatala cha mishoni, sisitere wina anawaona akujambula duwa ndi khala pachikatoni. Anawapatsa buku la mapepala okhuthala, kaburashi, ndi timachubu ta utoto wotchedwa guwashi. Utoto umenewu amausungunula ndi madzi, ndipo ukauma sunyezimira, umangoti mbee ngati khoma lozira bwino. Ngakhale uume gwa m'mbale, ukaudonthezera madzi umadzukanso.

Chojambula sichinasowe, pakuti a Flossie anali mayi wa maluwa. Anzawo akapita kunkhuni ankabwera ndi mtolo wokha, koma iwo ankabwera ndi mtolo ndi kamzu kena atamanga kunsonga kwa chitenje. Kuseri kwa nyumba yawo kunadzaza maluwa a m'phiri. A Vinsenti ankakhala kumeneko pakampando, ndodo pambali, buku pabondo. Za m'mutu sankajambula. Duwa linkayenera kukhala pamaso pawo. Ena ankawajambulanso patimapepala tolimba n'kumagulitsa kwa apaulendo kumsewu, koma bukulo linali la pakhomo, ndipo woweruza wake anali mmodzi.

"Amuna anzanu akubwera ndi mbatata, inu mukubwera ndi maluwa apapepala," ankatero a Flossie akusuzumira paphewa la amuna awo. "Tithira mchere amenewa?"

"Nanga anu akuseriwa mumathira mchere?"

"Anga amanunkhira. Anuwo tanunkhizani tione."

"Anu amafota, mayi. Angawa ayi."

Panali duwa limodzi limene linkawakanika. Mzu wake ndi wonga anyezi, ndipo umagona m'nthaka chilimwe chonse. Chizimalupsa chikagwa, mvula yoyamba ija yozimitsa fumbi ndi malupsa a m'tchire, limatulutsa phesi lopanda tsamba ndi duwa lofiira kumutu, n'kufota pasanapite nthawi. Chaka ndi chaka a Vinsenti ankaliyesa, ndipo chaka ndi chaka a Flossie ankapukusa mutu.

"Ili si langa. Uku ndi kufiira kwa phwetekere."

A Vinsenti ankang'amba pepalalo. "Chaka chamawa," ankatero.

A Flossie anamwalira ndi chibayo m'nyengo ya chisanu. Ana awiri amene anabereka anali atatsogola kalekale ali makanda. Maliro atametedwa, abale anakhala pansi kukamba zosudzula a Vinsenti, monga mwa mwambo wathu, kuti mkamwini woferedwa amasulidwe, abwerere kwawo. Nyumba inali yoti alowemo Monika, mwana wa mng'ono wawo wa a Flossie, amene anali atangokwatiwa kumene. Wopereka uthengawo anali a Timoteyo, mlongo wawo wa malemu.

"Alamu, sitikukupirikitsani ayi. Mlongo wathu munatisungira bwino."

"Ndamva. Ndipemphe chimodzi chokha. Mundilole ndidikire chizimalupsa. Pali duwa la akazi anga limene sindinalitsirize."

A Timoteyo anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Alamu inu, anzanu amapempha mbuzi kapena njinga. Inu duwa? Dikirani, palibe mlandu."

Koma chaka chimenecho mvula inachedwa. Mitambo inkasonkhana pamwamba pa phiri masana n'kubalalika madzulo. M'mawa uliwonse ndinkawaona a Vinsenti ataima kuseri kuja, atatsamira ndodo, akuyang'ana dothi louma. Anayesa kuthirira ndi madzi a pamjigo, koma mzu uja sunanyengeke. Mwamuna wa Monika anayamba kudandaula kuti denga likufunika kufolera dzinja lisanalowe, ndipo sankanama. Potsiriza mwambo unachitika. A Vinsenti anakwera kabaza ndi kamtolo ka zovala, buku atalikulunga m'jumbo.

Mvula inagwa iwo atapita. Posakhalitsa ndinawaona akutulukira m'kanjira ka kumsewu, akutsimphina, thukuta lili kamukamu. Pakhomo pamene anakhalapo mpaka imvi anaima patali n'kunena kuti odi, ndipo Monika anawatulutsira mpando wa alendo. Atamulonjera anapempha kuti aone kuseri. Kunali mizere yokhayokha, chimanga chitabzalidwa kale.

"Pepani bambo," anatero Monika atagwada. "Amuna anga anaona ngati ndi anyezi wakutchire. Anakataya kudzala."

A Vinsenti anatembenuka n'kulunjika kudzalako. Pakati pa phulusa ndi zitsononkho panagona mzu umodzi chammbali, khasu litautema pakati. Komabe unali utatulutsa phesi, lopindika kufuna kumwamba, ndipo kumutu kwake kunali duwa lija.

Anakhala pansi paphulusa pomwepo. Kachubu ka utoto wofiira kanali katauma, ndiye anakang'amba ndi mpeni. Ndinawatungira madzi m'kapu. Anasakaniza, kuyesa m'mphepete mwa pepala, kuwonjezera kachikasu, kuyesanso. Nkhuku zinkapalasa pambali pawo osazithamangitsa. Anajambula duwalo monga linaliri, phesi lokhota ndi bala la khasu lomwe.

Monika anabwera ndi kansalu. "Bambo, ndikukulungireni mzuwu, mukabzale ku Linthipe."

"Ayi mwanawe. Mkamwini satenga za m'nthaka. Ukafuna, uukwirire penapake pamthunzi."

A Timoteyo anali atafika, ataima kumbuyo kwawo chipewa chili m'manja. Anasuzumira paphewa.

"Latheka tsopano, alamu. Ndi lomwelo ndithu."

A Vinsenti anayang'ana pepala, n'kuyang'ana duwa, nthawi yaitali.

"Mwina," anatero. "Wodziwa ngati latheka anali mmodzi."

Anadikira utoto uume. Pepalalo sanaling'ambe. Anatseka buku, kulibwezera m'jumbo, natsanzika aliyense ndi dzina lake. Ndinawaperekeza mpaka pamphambano, ndipo njira yonseyo sanacheukire kunyumba kuja. Ku Chongoni sanabwerenso.