Batire la Fainala

Pa esiteti ya fodya imene tinali matenanti, kufupi ndi Chisemphere, Fainala ankadziwika ndi zitenje zobooka. Asidi ndiye ankazidya. Mayiyu anachokera ku Phalombe ngati ine, ndipo kwa zaka zinayi, akaweruka kumunda, ankasenza mabatire a anthu kukawatchajitsa kumsika: la kapitawo, la aphunzitsi, la mwini golosale. Malipiro ake mwina kasopo, mwina zikomo wapakamwa basi.

Ntchitoyo ankaidziwa, ndisaname. Batire ankaliimika m'chidebe chapulasitiki, zitsekero atamanga zolimba, mitu yake iwiri ataikulunga ndi mphira wa chubu kuti isakhudzane ndi chitsulo. Akasenza ankayenda ngati mkwatibwi. Ife tinkamuseka, ine ndemwe patsogolo.

Chaka chatha aphunzitsi aja atawasamutsira ku boma, anamusiyira batire lawo ndi kasola kakang'ono kolitchajira padzuwa. Fainala analira ndi chimwemwe. Anandiuza kuti kwawo akatchajira anthu mafoni pakhonde, ndipo fodya sadzamugwiranso mpaka kufa. Batirelo ankalipukuta m'mawa uliwonse, pomwe mwamuna wake, Cornelius, malaya ankadzichapira yekha.

Fodya atagulitsidwa, lole inabwera kudzatitenga matenanti kubwerera kwathu. Tinakweza matumba, mphasa, nkhuku, njinga. Fainala anafika pomaliza ndi chidebe chake, atachitsekera nsanza m'mbali kuti batire lisagwedezeke. Pa katundu yense wa mu loleyo, wolongedzedwa mwanzeru anali ameneyu yekha.

Kapitawo wathu, bambo Sunganani, anasuzumira m'chidebemo, kenako anakokera dalaivala pambali. Ananong'onezana pang'ono. Pobwera, dalaivala uja anali atasanduka munthu wa malamulo: akuti batire silikwera pamodzi ndi anthu, likhoza kuphulika, asidi akhoza kuwotcha ana. Ankanena izi atatsamira chigubu cha petulo chimene anachimangirira pomwe panakhala ana athuwo, chikudontha. Zinandinyansa.

Fainala anagwada. Anawaonetsa mphira, anawaonetsa zitsekero, anati alifungatira pamiyendo mpaka ku Phalombe, likatayikira liwotche iyeyo. Anapempha kuti mwina aliike kutsogolo, kumapazi a dalaivala. Anakana zonse. Bambo Sunganani anayankhula mofatsa, ngati omvera chisoni.

“Amake Tiyese, musankhe. Mukwere inu, kapena mutsale nalo batire lanulo. Koma nyumba ija mawa mukulowa ena.”

Fainala anayang'ana mwamuna wake. Cornelius anali kalikiliki kumanga miyendo ya nkhuku yomangidwa kale. Anayang'ana ife. Tinali anthu makumi atatu mu lolemo, ndipo wina kumbuyo anakuwa kuti dzuwa likupita, asatichedwetse ndi chinthu chopatsidwa. Ine ndinayang'ana kumbali. Ndinkafuna dzina langa lidzakhalepo chaka chamawa, ndipo amalemba mayina ndi bambo Sungananiwo. Mpaka lero ndimadzida nazo.

Kapitawo anati asadandaule, amusungira kunyumba kwawo mpaka adzabwerenso. Tonse tinamva tanthauzo lake: batire lapita, ndipo akalifuna adzalimenso fodya. Anawerama kuti anyamule chidebe, koma anabweza dzanja, n'kuyang'ana thalauzi lawo latsopano.

“Tandiperekezerani batireli kunyumba. Inu ndi amene mumadziwa kanyamulidwe kake.”

Ndinaganiza kuti alimenyetsa pansi. Ndinkafuna alimenyetse, asidiyo awathovukire kumapazi! Koma Fainala anapinda nkhata, anasenza, anauyamba wopita kunyumba ya kapitawo, kuseri kwa zigafa. Dalaivala analiza hutala kuti afulumire, anthu ena n'kumaseka. Iye sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono, khosi lili chilili, dzanja limodzi pachidebe.

Atabwerera anakwera osayang'ana munthu. Ndinamusunthira kuti akhale pathumba langa, koma anandidutsa n'kukakhala pafupi ndi chigubu cha petulo chija, kasola kali pamiyendo, mawaya ake akulendewera. Titadutsa pa Kasungu boma, mwana wake Tiyese anamufunsa ngati magetsi akayake kwawo tsiku lomwelo. Fainala anamuuza kuti agone, ulendo ndi wautali.