Kachipewa ka Boma pa Mutu wa a Ouardia

Akazi anga, a Ouardia, aphimba tsitsi lawo pantchito moyo wawo wonse, ndipo amene ankawalamula kutero si shehe ayi, koma boma la France. Ndikanena zimenezi ku kafe kwa Slimane, kumene timamwera khofi, anthu amati Mokrane wayamba mabodza ake aja. Kunama ndimanama ndithu, koma apa ayi.

Ndinakawatenga kwathu kumapiri a ku Kabylie ali mtsikana wosadziwa ngakhale moni wa Chifalansa. Nthawi imeneyo ine ndinali munthu. Ndinkagwira pa fakitale ya nsalu kuno ku Roubaix, ndili ndi njinga yamoto komanso ndevu zapamlomo zopotana. Ndinawalonjeza kuti mkazi wanga sadzagwira ntchito ya munthu. Kenako fakitale inatsekedwa, njinga ndinagulitsa, zinatsala ndevu zokha.

Choncho ndinadzipatsa ntchito yokhala pampando wa pakona kwa Slimane n'kumamasulira anzanga malamulo a dziko. Sukulu ndinalekezera panjira, koma pa kafe paja ndine loya. A Ouardia anamanga mpango wawo n'kupita kukafuna ntchito yeniyeni.

Pa sukulu ya ana aang'ono ya m'dera lathu ankafuna wosesa. Mlembi anawauza mwaulemu kuti wantchito wa boma saonetsa chipembedzo chake pantchito: mtanda ayi, kachisoti ka Ayuda ayi, mpango ayinso. A Ouardia, amene chikwatiwire tsitsi lawo linali lisanaonedwepo ndi mwamuna wachilendo, anathokoza n'kutembenuka. Akutuluka, anasuzumira pawindo la khitchini. Azimayi onse ophika anali atavala tizipewa tabuluu topyapyala ngati pepala, tophimba tsitsi lonse ndi makutu omwe. Kachipewako amati sharloti. Anabwerera kwa mlembi uja.

"Nanga awa a kukhitchiniwa amapemphera kwa ndani?"

"Limenelo ndi lamulo la ukhondo, mayi. Wonyamula chakudya saonetsa tsitsi."

"Ndilembeni kumeneko."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankalowa m'kachipinda kosinthira zovala ali ndi mpango, n'kutulukamo ali ndi sharloti. Mnzawo Josiane, mayi wojintcha wosuta fodya ngati chumuni, ankawaseka kuti, "Iwe Ouardia, m'dziko lonse lino ndiwe wekha amene umakonda kachinthu konyansaka." Tsiku la nyama ya nkhumba a Ouardia ankavala magolovesi n'kumagawa, mwana wachisilamu akafika amamuikira dzira osamufunsa. Ankati, "Ine ndimagawa, sindilawa."

Inenso ndinkawaputa patebulo. "Mayi a Nadia, mwasinthanitsa mpango ndi kapepala ka boma."

"Idyani, bambo a Nadia. Buledi mukutafunayo wagulidwa ndi kapepalako."

Ndinkadya.

Ana amene anawagawira chakudya anakula, anabereka, n'kutumiza ana awo pa mzere womwewo. Ndiye inakwana nthawi yopuma ntchito. Madame Dewaele, mkulu wa sukuluyo, anawaitana n'kuwauza kuti tsiku lomaliza kudzakhala mwambo m'chipinda chodyera. Kudzabwera wachiwiri kwa meya ndi mendulo, komanso wojambula wa nyuzipepala.

"Mudzatchene, Ouardia, osati za kukhitchini," anatero Madame. "Koma mukudziwa, belu lowerukira lisanalire mukadali wantchito. Mpango sizitheka. Si ine, ndi lamulo."

Tsiku limenelo a Ouardia anafika kunyumba n'kukhala pampando osavula nsapato. Mendulo ankaifuna, musanamizidwe. Palibe amene anawaomberapo m'manja chibadwire. Koma kuti ailandire, anayenera kuima mutu uli pamtunda pamaso pa amuna, chithunzi n'kutuluka m'nyuzipepala.

Nkhani ndinapita nayo ku kafe, kumene nkhani zonse zimakafera.

"Akhale kunyumba," anatero Haji Boualem, mkulu wathu wa kumzikiti. "Mendulo ndi kachitsulo chabe."

"Apite ndi mpango," anatero Slimane. "Awamange tione!"

Ine ndinamenya tebulo mpaka makapu anadumpha. "Ndikalankhula naye ndekha wachiwiri kwa meyayo! Ndikamuuza kuti mapapo anga adzaza thonje la dziko lino. Ndikamuuza pamaso!"

"Iwe?" Slimane anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe amene umavulira chipewa ngakhale makina ogulitsa matikiti?"

Sabata yonse ndinakonzekera pagalasi la kubafa. Galasilo linachita mantha, ndikukuuzani. A Ouardia anagogoda chitseko n'kunena kuti, "Bambo a Nadia, musadzivute. Mudzangobwera mutasamba, basi."

Tsikulo kunagwa mvula. Ndinavala suti yanga ya maliro n'kukaima pakhomo la chipinda chodyera. Wachiwiri kwa meya anafika, mnyamata wamtali wonunkhira bwino. Ndinamutsekera njira. Ndinadzaza mpweya m'chifuwa, ndevu zinaima, pakamwa panatseguka.

"Bwana," ndinatero, "mvulayi!"

"Eya, mvula! Tandigwirirani ambulerayi, bambo."

Ndinaigwira. Ndinathokozanso.

Anthu atakhala pansi, chitseko cha khitchini chinatseguka. Anatuluka a Ouardia atavala diresi yawo ya paukwati wa mwana wathu Nadia, ya mizere yofiira ndi yachikasu. Kumutu sharloti. M'manja thireyi yaikulu yodzaza timikate ta uchi timene anaphika okha. Kumbuyo kwawo Josiane, nayenso ndi thireyi ndi kachipewa.

Madame Dewaele anathamangira n'kuwanong'oneza. Ine ndinali pafupi, ndinamva.

"Ouardia, ikani thireyiyo pansi muvule kachipewako."

"Madame, ndanyamula chakudya. Mukufuna ndiswe lamulo pamaso pa a meya?"

Madame anayang'ana kudenga, analuma mlomo kuti asaseke, n'kupita kukakhala.

Tsono vuto linali lakuti mnyamata uja ankakonda kulankhula. Anayamba ndi ufulu, anafika pa kufanana kwa anthu, ndipo pa ubale anamangapo msasa. Uchi ndi wolemera, abale. Ndinaona mikono ya a Ouardia ikunjenjemera, thukuta likutsika m'mphepete mwa kachipewa. Mtima wanga unati, Mokrane, kwa meya walephera, apa pokha khala mwamuna. Ndinasendera n'kutambasula manja.

"Bweretsani kuno, ndikulandireni."

Anandiyankha mano ali pamodzi, akumwetulira wojambula. "Mukaitenga thireyiyi, kachipewa kachoka. Ndipo inu mukagona kwa Slimane."

Ndinauma pomwepo. Loya wamkulu wa pakona, koma nkhani yonse inali itandidutsa pamwamba. Thireyi inayamba kupendekeka, kamkate kamodzi kanatsetsereka. Josiane anatula thireyi yake pamutu pa mwana wina wamtali, anapisa m'thumba, n'kundivundikira sharloti ina mpaka m'maso.

"Woyandikira chakudya avale! Gwirani pansi pake, agogo. Musatenge, ingochirikizani."

Ndinawerama n'kuika zikhato pansi pa thireyi, ambulera ili m'khwapa, manja a akazi anga ali m'mbali momwemo. Umu ndi mmene mendulo inatipezera. Mnyamata uja anaikoleka m'khosi mwawo mosamala kuti asagwetse kachipewa ka boma, ana anakuwa dzina lawo, azimayi a kwathu anaimba nthungululu, wojambula anathwanimitsa.

Belu litalira, a Ouardia anatula thireyi patebulo. Anasolola mpango m'mkono wa diresi, anaumanga pamwamba pa sharloti, kenako anakoka sharlotiyo pansi pake n'kuipereka kwa Madame Dewaele. Madame anawapsompsona masaya onse awiri. A Ouardia analira pang'ono, ndipo anati ndi utsi wa fodya wa Josiane.

Masiku ano amakhala kunyumba, mendulo ili pamwamba pa wailesi ya kanema, ndipo amadandaula kuti mpango wa tsiku lonse umatentha. Chithunzi chija Slimane anachidula m'nyuzipepala n'kuchimata pamwamba pa makina a khofi. Mlendo aliyense amamuonetsa. "Uyu ndi Mokrane, mwamuna woyamba m'dera lino kuphimba tsitsi." Haji Boualem amawonjezera kuti tsitsi lophimbalo panalibenso.

Asiyeni aseke. Ambulera ija mwini wake anaiiwala, ndipo ndikadali nayo kuseri kwa chitseko. Tsiku lina ndidzapita kukaibweza ndekha, ndipo pamenepo ndidzamuuza zonse, pamaso.